Odziwa futsal ndithandizeni: refu angabweze wosewera chifukwa cha masokosi?

Kaputeni_Kapata

Anzanga ndipatseniko nzeru ndisanakapange phokoso pa miting'i ya Lachitatu. Tili ndi kaligi kathu ka futsal, mpira uja wa anthu 5 timu iliyonse, kuno ku Chipata, matimu 8 chabe, timasewera Lamlungu masana pa khoti ya simenti ya basketball, timu iliyonse imasonkha kandalama ka refu ndi madzi basi. Lamlungu lapitali refu anatibwezera anyamata awiri gemu isanayambe n'komwe, wina ati alibe mashinipadi, winayo ati masokosi ake ndi akuda pomwe enafe tinavala ofiira. Tsiku limenelo tinabwera 6 okha poti ena anapita ku maliro ku Katete, ndiye tangoganizani, wamasokosi uja anakabwereka kwa mnzake wa timu ina koma wa mashinipadi mpaka anakwera njinga kukafuna ku Mchini, ife tinayamba tili 4 kudikira, pomwe zonse zimalongosoka n'kuti titamwa kale zigoli 3.

Kuluza sindikudandaula, timaluza nthawi zambiri ife. Chikundiwawa n'chakuti sabata yapita ija refu wina analola timu ina kusewera ndi majezi a mitundu itatu, uyu Arsenal, uyu Chipolopolo, wina mpaka sikipa ya kampeni ya chipani, ndipo mmodzi anali ndi nsapato za mastadi pa simenti akungoterereka ngati ali pa matope, palibe anatsegula pakamwa. Komanso refu wathu wolimba pa masokosiyu mafaulo samawerenga, anyamata aja anatichita mafaulo osachepera 8 hafu yoyamba yokha ndipo khoma amayikabe ngati bola yaikulu ya pa sitediyamu ya David Kaunda. Kodi lamulo lenileni limati chani? Kapena ndine ndikulakwa?

MdalaWaWezulo

A Kaputeni pepani ndi zigoli zitatuzo. Ine ndaimbira mpira waukulu zaka zambiri, futsal ndinachita kuiphunzira nditakula kale, ndiye ndikuuzani mosakondera. Pa mashinipadi refu sanalakwe olo pang'ono. M'buku la malamulo a futsal la FIFA zovala zokakamiza ndi jezi ya manja, kabudula, masokosi, mashinipadi ophimbidwa ndi masokosiwo, ndi nsapato za pansi pa labala zopanda mastadi. Goloboyi yekha ndi amene amaloledwa thalauzi lalitali. Mphete, ndolo, tcheni, zibangili zonse kuvula, ndipo kumata ka tepi pamwamba pa mphete sikuloledwa, ambiri amaganiza kuti ndi njira yozembera koma ayi. Sikipa ya kampeni ija nayonso ndi yoletsedwa, mawu a ndale pa jezi salowa m'bwalo.

Tsopano pa masokosi ndi pomwe ine ndikanadekha. Chomwe buku limalimbikira ndi chakuti matimu awiri asiyane mitundu bwinobwino, asiyanenso ndi oimbira, ndipo goloboyi asiyane ndi onse. Zoti mnyamata mmodzi wa masokosi akuda abwezedwe pa ligi ya Lamlungu, zimenezo ziyenera kukhala zolembedwa m'malamulo a ligi yanu. Ngati simunalembe ndiye kuti refu aliyense akubwera ndi malamulo a m'mutu mwake, n'chifukwa chake mukuona sabata ino zina sabata ya mawa zina.

Koma mlandu waukulu kwa ine ndi wa mafaulo. Futsal yonse yagona pamenepo. Faulo iliyonse ya firikiki yolunjika imawerengedwa, timu ikafika 5 pa hafu, kuyambira ya nambala 6 anzawo amamenya pa kadontho ka mamita 10 popanda khoma, kapena pomwe faulo yachitikira ngati ndi pafupi kuposa pamenepo. Penate wamba ili pa mamita 6. Hafu yachiwiri kuwerenga kumayambiranso. Ukachotsa lamulo limeneli anthu amangothyolana miyendo poti akudziwa kuti palibe chomwe chiwachitikire. Komanso tisamunyoze kwambiri refu wanuyo, pa gemu yeniyeni pamakhala oimbira awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, kuphatikiza wachitatu ndi wosunga nthawi pa tebulo, ndipo mafaulo amalembedwa pa tebulo pamenepo. Inu mwapatsa munthu mmodzi ntchito ya anthu 4, wotchi yake ndi foni yomwe ili m'thumba, dzuwa la Okutobala lili pamutu, mukufuna akumbukire bwanji kuti timu iyi ili pa 4 inayo pa 5?

Boyi_wa_Navutika

Amdala ulemu wanu koma izi ni za ku World Cup izi mwe. Ise tisewera kuti tichotseko thukuta pa Sande chabe, manje mufuna munthu amene akusowa ya bando agule mashinipadi, nsapato zapadera, masokosi a kala imodzi, ndalama zake ziti? Ise kwathu timadula katoni ya sopo kuyika m'sokosi gemu n'kuyamba. Vuto ya marefu athu si malamulo, ni nkhope. Akakudziwa olo uvale patapata ulowa, akapanda kukudziwa afufuza mpaka kala ya kabudula wamkati. Wina tsiku lina anaimba ofusayidi pa futsal, tonse tinangoima kumuyang'ana, nayenso anaseka yekha

Amai_a_Salaula

Iwe Boyi katoni ya sopo ikanyowa ndi thukuta imasanduka phala, usanamize ana a eni. Mwana wanga wachiwiri anamenyedwa pa msong'olo chaka chatha pa simenti yomweyo, panatupa ngati mbatata, masabata atatu osapita ku ntchito ya ku garaji ndipo wodyetsa ndinali ine. Mashinipadi m'mabelo amabwera, ukayenda bwino pa Saturday Market kapena ku Kapata uwapeza pa mtengo wochepa kuposa mowa womwe mumamwa gemu ikatha, musandiuze za ndalama ine.

A Kaputeni za majezi ndikuthandizeni monga wamalonda. Kupeza majezi 10 ofanana ndendende mu salaula n'kovuta, belo imabwera yosakaniza. Koma masikipa opanda zolemba a kala imodzi amapezeka, mutenge ofiira onse olo kufiira kwake kusiyane pang'ono, telala akusokereni manambala kumsana ndi nsalu yoyera, zatha. Ndipo ligi igule mabibu, timavesiti tija tovala pamwamba pa jezi, seti ziwiri azikhala ndi sekilitale, matimu akafanana mitundu ina ivale mabibu. Koma muziwachapa chonde, ndinanunkhizapo ena ine mpaka mutu unandiwawa tsiku lonse.

MdalaWaWezulo

Amai mwanena zoona, ndiwonjezereko pa mabibu. Mu futsal ntchito yake yeniyeni ndi ya anthu a pa benchi. Kusintha osewera kulibe malire ndipo mpira suima, wotuluka ayambe watuluka kudzera pa malo osinthira kutsogolo kwa benchi yake, alandire bibu kwa wolowayo, kenako mnzakeyo alowe. Akalowa msanga ndi khadi yachikasu. Popanda mabibu refu mmodzi sangadziwe kuti m'bwalo muli 5 kapena 6, ndinaonapo timu ikusewera 6 kwa mphindi zingapo anthu onse osazindikira. Ndiye mukagwiritsa mabibu ngati jezi, a pa benchi akhale ndi kala ina.

Boyi mwana wanga, za nkhope sindikukana, zilipo, makamaka refu akamalandira ndalama m'manja mwa kaputeni wa timu pamaso pa anthu, zimenezo zimabweretsa manong'onong'o olo munthuyo akhale woongoka. Koma zoti malamulo ndi a ku World Cup kokha ndakana. Zambia inafika pa nambala 4 pa mpikisano wa futsal wa Africa mu 2016 ku South Africa, ndipo mu 2024 inaliponso ku Morocco. A Morocco atenga chikho chimenecho katatu motsatizana, 2016, 2020 ndi 2024, ukawaonera mpira ukatuluka sataya nthawi, kuika pa mzere n'kumenya, chifukwa lamulo loyambitsanso mpira asanathe masekondi 4 lili m'magazi. Mnyamata wa ku Navutika waluso akazolowera kuponya ndi manja mpira ukatuluka, kubwezera goloboyi kawirikawiri m'hafu yake mdani asanaukhudze, kuima pafupi osasiya mamita 5, tsiku lomwe adzaitanidwe ku Lusaka adzaimbidwa wezulo mpaka kusokonezeka mutu. Masewerawa anayambira ku Montevideo mu 1930 pa makhoti a basketball ngati yanuyo, simenti si chifukwa chosiyira malamulo.

Boyi_wa_Navutika

Ok amdala za masekondi 4 navomera, koma masokosi nakana mpaka pano

Aphunzitsi_Petauke

Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi tinadutsamo kuno ndi timu za ana a sukulu ndi za akuluakulu omwe. Ife tinakhala pansi makaputeni onse ndi marefu tisanayambe sizoni, tinalemba pepala limodzi lokha, tinalijambula n'kuliponya pa gulu la WhatsApp kuti wina asadzati sindinaone. Tinagawa pawiri. Zokhudza kuvulala, mashinipadi, mastadi, mphete ndi tcheni, palibe kukambirana, ulibe sulowa olo ukhale mwana wa mfumu. Zokhudza maonekedwe, masokosi, kabudula, manambala, tinapereka magemu atatu oyamba kuti anthu akonzeke, pambuyo pake wolakwa amasewera koma timu imalipira kafaini kolowa m'thumba la ligi, ndipo ndi ndalama zimenezo tinagulira mpira weniweni wa futsal wa saizi 4 uja wosadumphadumpha, poyamba timasewera ndi wa saizi 5 wophwetsa pang'ono, manyazi.

Za tebulo musavutike kufuna anthu olipidwa. Timu yomwe ikudikira gemu yotsatira imapereka anthu awiri, wina agwira foni ya nthawi wina mafaulo. Ife timagwiritsa zitsekerero za mabotolo, faulo ikaimbidwa refu akuloza mbali, mwana amaika chitsekerero chimodzi pa desiki mbali ya timu imeneyo, zikakwana 5 amaimirira n'kukweza dzanja anthu onse aone. Mikangano inachepa kwambiri chifukwa aliyense akutha kuwerenga yekha, ngakhale agogo ogulitsa zitumbuwa pa geti amakuwa kuti zakwana. Yemweyo wa foni ndi amene amawerenga mphindi 2 munthu akapatsidwa khadi yofiira, timu imasewera yopelewera mpaka zithe kapena mpaka igoletsedwe ngati anzawo ali ochuluka.

Nthawi yokha tinapatukako dala. Lamulo ndi mphindi 20 hafu iliyonse wotchi ikuima mpira ukatuluka, koma ndi magemu anayi masana amodzi mdima ungatipeze, ndiye wotchi yathu imangoyenda, timaimitsa pa taimuauti, kupuma kwa mphindi imodzi komwe timu imapempha, ndi munthu akavulala. Tinalemba pa pepala kuti apa tasiyana ndi buku ndipo tonse tinasaina. Ndalama ya refu imadutsa kwa msungichuma, salandira kwa kaputeni.

Kaputeni_Kapata

Zikomo nonse, a Mdala mwanditsitsa mtima ngakhale pa mashinipadi mwandigwetsa, ndinkafuna kukapempha kuti gemu ibwerezedwe koma ndaona kuti ndikachita manyazi, zigoli zitatuzo tamwa basi. Ndafunsa sekilitale wathu usiku uno ngati tili ndi malamulo olembedwa, wanditumizira ndandanda ya magemu ndi nambala ya mobile money, china palibe. Aphunzitsi chonde nditumizireni chithunzi cha pepala lanulo ku inibokosi ndikaliwerenge Lachitatu, mayina mufufute. Amai a Salaula ndibwera Loweruka m'mawa, mundisungire mashinipadi mapeya anayi ndi masokosi ofiira ngati alipo, aatali ofika m'mawondo. Boyi iwe ubwere Lamlungu udzakhale pa tebulo, zitsekerero ndibweretsa ndine.