Masabata atatu m'nyumba yatsopano, mita ya gasi ikundidula ngongole ya munthu wina

MayiWaAwiri, Leeds

Moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera kwa inu amene mwakhalitsa ku Mangalande kuno, chifukwa ine ndagwira njakata.

Tinasamuka pa 2 November kuchoka ku Harehills komwe tinkakhala m'nyumba imodzi ndi mabanja ena awiri, n'kulowa nyumba ya ife tokha ku Beeston. Zaka ziwiri zonsezi magetsi ndi gasi zinali mkati mwa lendi, moti za mabilu sindinazigwirepo. Nyumbayi ndi zija zakale za njerwa zofiira, zogundana mzere wonse, zokhala ndi kachipinda ka pansi pa nthaka. Mamita onse awiri ali kumeneko, ya magetsi ndi ya kiyi, ya gasi ndi ya khadi. Tsiku lolowa anandipatsa kiyiyo ndi khadilo mu envelopu imodzi ndi makiyi a pakhomo, nati ndingopita kushopu ndikaikemo ndalama. Ine ndinkaona ngati ndi mayunitsi a kwathu aja: wagula, walowetsa, wayatsa, basi.

Ndinaika £30 pa gasi. Nditalowetsa khadi, mita inangoonetsa £18 ndi timakobidi. Ndinabwerera kushopu, lisiti linali bwinobwino. A neba athu, agogo achizungu okoma mtima, ndi amene anatsika nane ndi tochi n'kundionetsa podina. Kudina kangapo, ikutuluka ngongole ya £214. Ndi ya amene ankakhalamo kale. Ine sindikumudziwa ngakhale nkhope, koma ndikaika ndalama mita ikuyamba yamulipirira iyeyo kenako n'kutisiyira ife zotsala.

Pa 4 November ndinaimbira kampani. Ndinadikira pafoni mphindi 50. Anati atsegula akaunti m'dzina langa, khadi latsopano lifika pasanathe masiku asanu. Silinafike. Kuimbanso, wina akuti m'kompyuta mwawo mulibe chilichonse chosonyeza kuti ndinaimbapo, nditumize chikalata cha lendi pa imelo. Ndinatumiza tsiku lomwelo. Ulendo wachitatu akuti nambala ya mita yomwe ali nayo sikugwirizana ndi yomwe ndikuwawerengera, ndiye abwere injiniya adzaone. Anandipatsa Lachiwiri, 8 koloko mpaka 12 koloko. Ine ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba. Ndinaweruka, sindinagone, ndinakhala pawindo mpaka 1 koloko masana. Palibe anabwera, palibe anaimba.

Lero ndi pa 23. Pa gasi pokha ndaikapo £110, ndipo ndikawerengera yoposa £40 yapita ku ngongole ija. Loweruka usiku gasi anatha, emergency credit (kangongole kamene mita imakubwereka ndalama ikatha) n'kuti titadya kale. Ana ndinawasambitsa ndi madzi a m'ketulo, tinagona tonse chipinda chimodzi titavala majuzi. Wamng'ono ali ndi zaka zitatu ndipo wayamba kutsokomola. Bambo a kunyumba anafika ponena kuti bwanji tigule makala tiyatse kambaula kakang'ono m'khitchini kuti m'nyumba mufunde.

Chikundiwawa kwambiri si ndalamayo ayi. Ndi kuyambiranso nkhani yomweyomweyo kwa munthu watsopano nthawi iliyonse, kutchula dzina langa chilembo chimodzichimodzi, iye n'kuti "pepani kwambiri", kenako zii. A landilodi akuti iwo sizikuwakhudza.

Ndifunse: ngongoleyi angandikakamize kulipira? Yomwe yadulidwa kale ingabwerere? Nanga ndingangowasiya n'kupita ku kampani ina? Ndithandizeni abale, chisanu changoyamba kumene.

NesiWaUsiku, Nottingham

Asisi, zinazo ayankha ena, koma ya mbaulayo ndikupemphani, muwaletse bambowo lero lomwe. Nyumba za kuno ndi zotseka paliponse, mawindo a magalasi awiriawiri, mpweya sulowa ngati kwathu. Utsi wa makala umene umapha suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso, ndipo ana ndi amene amayamba. Ngakhale makala atazima n'kutsala phulusa lofunda, amatulutsabe. Chonde ayi.

Mwana wa zaka zitatu ndi chifukwa chokwanira kuti akulembeni pa Priority Services Register, kaundula wa makasitomala ofunika chisamaliro chapadera. Ndi yaulere, ndipo banja lililonse lokhala ndi mwana wosakwana zaka zisanu liyenera kulembedwa. Gasi akathanso, musaimbe ngati munthu wofunsa za akaunti. Mawu oyamba akhale akuti m'nyumba mulibe gasi, muli mwana wamng'ono, ndalama yoika mulibe. Foni yotereyi amaipititsa kwina, ndipo atha kukuikirani kangachepe koti mufike nako mawa, ngakhale kuti kameneko mumadzabweza. Chifuwacho chikapitirira kapena kupuma kukavuta, imbani 111, nambala ya azachipatala a NHS, musadikire.

Bambo wa ku Luton

Mayi, pepani ndi zimenezi. Zinandichitikira ine pa mita ya magetsi titangolowa nyumba yomwe tikukhalamoyi, ndipo ndinataya mwezi wathunthu chifukwa cha ulemu wathu uja wongoyankha kuti chabwino, ndidikira. Ndikuuzeni zomwe ndinaphunzirapo.

Ngongoleyo si yanu. Inu udindo wanu unayamba tsiku lomwe lendi yanu inayamba. Mukalowa m'nyumba mumapezeka muli kale m'manja mwa kampani imene inkapereka gasi pamenepo, ngakhale simunasaine kalikonse, koma zimenezo sizikusenzetsani katundu wa munthu wina. Chinalakwika n'chakuti anakupatsani khadi la munthu wakaleyo. Khadi limenelo ndi lomangika ku akaunti yake, ndiye chilichonse mukuika chikulembedwa kwa iye. Si kulakwa kwanu, anayenera kukuuzani amene anakupatsani makiyi. Malisiti onse a kushopu sungani ngati chiphaso. Ajambuleni pafoni lero, chifukwa inki ya timapepala timeneti imafufutika msanga. Jambulaninso mita: nambala yake yolembedwa pathupi, ndalama yotsala, ndi pomwe pakuonetsa ngongole paja. Ngati munajambula tsiku lolowa, ndiye kuti zinthu zili bwino kwambiri. Ngati ayi, onani pa chikalata cha katundu wa m'nyumba chomwe munasaina polowa, kawirikawiri amalembapo mawerengedwe a mamita.

A landilodi asakuthaweni choncho. Mita ya kuno imadula ndalama tsiku ndi tsiku ngakhale simunayatse kanthu, ija amati standing charge, ndipo pa gasi imakhala cha m'ma 30p patsiku. Nyumba ikakhala miyezi inayi yopanda munthu, imeneyo yokha imafika cha m'ma £40, ndipo ya nthawi imeneyo ndi ya mwini nyumba. Afunseni kuti munthu wakaleyo anatuluka liti. Mwina gawo lina la £214 ija ndi lawo.

Tsopano pa kampanipo. Siyani kuimba ngati wopempha thandizo. Lembani imelo, pamutu pake muike mawu akuti formal complaint. Mawu amenewa ndi amene amayambitsa kuwerenga masiku. Mulembe mwachidule: tsiku lolowa, masiku onse amene munaimba, zomwe analonjeza, tsiku lomwe injiniya sanabwere, ndalama zomwe mwaika. Kenako zomwe mukufuna: akaunti m'dzina lanu, ngongole ichotsedwe pa mita, ndalama yodulidwa ibwezedwe. Apempheni nambala ya dandaulo lanu. Pakatha masabata 8 asanakonze, kapena akakulemberani kalata yoti iwo afika pamapeto, ija amati deadlock letter, mumapita nalo kwa Energy Ombudsman, bungwe loima palokha loweruza madandaulo a magetsi ndi gasi. Simulipira kalikonse, ndipo chigamulo chake mukachivomera inu, kampani ilibe mwayi wokana. Musavutike ndi kulembera Ofgem, iwo amaika malamulo koma saweruza dandaulo la munthu mmodzimmodzi.

Za injiniya uja, kujomba kwake kuli ndi mtengo. Kampani ikapangana nanu nthawi n'kusabwera popanda kukudziwitsani, imayenera kukupatsani £40. Kale inali £30, anaikweza mu January 2025. Akuyenera kulipira pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, akalephera amaonjezera £40 ina. Amati imabwera yokha, koma inu ilembeni mu imelomo ndithu.

Chomaliza, simufunika kudikira positi. Makampani ambiri amatha kukupatsani nambala pafoni yoti mukatengere khadi latsopano pashopu ya PayPoint kapena Payzone kapena ku Post Office. Afunseni mwachindunji za zimenezo. Ine anandiuza ulendo wachinayi, pamene ndinali nditafunsa ndekha.

Mnyamata wa ku Ndirande, Manchester

Ine ndiye sindikanalimbana nawo. Makampani a gasi kuno alipo ambirimbiri, sizili ngati kumudzi komwe ukakhumudwa ulibe kolowera. Ngati mabilu mukulipira nokha, ufulu wosankha kampani ndi wanu, osati wa a landilodi. Masiku ano kusintha kumangotenga masiku asanu ogwira ntchito. Ine ndinasintha ndili m'basi popita kuntchito, pafoni pomwepa. Apempheninso atsopanowo akuikireni smart meter, muzigula pa app ngati mmene timachitira ndi Mpamba kapena Airtel Money, osati kuthamangira kushopu usiku mvula ili pamsana. Anthu amene akulephera kutumiza khadi limodzi masabata atatu mukuwasungiranji?

Bambo wa ku Luton

Achimwene, za ufulu wosinthazo mwanena zoona, ndipo za smart meter ndikugwirizana nanu. Koma taonani pomwe mayiwa anena kuti nambala ya mita sikugwirizana ndi ya m'kompyuta. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Mita iliyonse ya gasi ili ndi nambala ya malo ake yotchedwa MPRN, ya magetsi ndi MPAN, ndipo makampani onse amatenga nambalazi m'kaundula mmodzi. Ngati m'kaundulamo adiresi yawo inasokonezeka ndi ya nyumba yoyandikana nayo, zomwe zimachitika m'nyumba zogundanazi, kampani yatsopano ikatenga zolakwika zomwezo. Mapeto ake asintha gasi wa agogo a neba aja, mayiwa n'kutsala pomwe analipo, koma tsopano akukangana ndi makampani awiri. Komanso ndalama yawo ili kwa akalewa, ndipo padakali pano alibe ngakhale akaunti yoti aibwezerepo.

Mayi, lowani pa webusaiti ya Find My Supplier, mulembe adiresi yanu, ikuonetsani MPRN ndi kampani imene yalembedwa pa nyumbayo. Muone ngati ndi yomweyo imene mukuimbirayi. Akakonza kaundula n'kukubwezerani ndalama, pamenepo samukani tsiku lomwelo ngati mukufuna.

Agogo a ku Coventry

Mwanangu, ndaona kuti ukugwira usiku, ndiye mphamvu zokhala pafoni ola lathunthu uzitenga kuti? Pita ku Citizens Advice ya kufupi nawe, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, kapena uwaimbire. Ali ndi anthu oona za magetsi ndi gasi, ndipo pakakhala mwana wamng'ono ndi gasi wothaitha amatha kutumiza nkhani yako ku Extra Help Unit, amene amalankhula ndi kampani m'malo mwako. Uwauzenso a kutchalitchi kapena a m'gulu la Amalawi kumeneko, wina sangalephere kukubwereka hita ya magetsi ya chipinda cha ana. Usachite manyazi. Tonsefe tinafika kuno tisakudziwa kuti boila imayatsidwa bwanji.

MayiWaAwiri, Leeds

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Za mbaula zatha, ndinawawerengera bambo uthenga wa a nesi ndipo sanatsutse.

Ndinalowa pa Find My Supplier monga munanenera, bambo a ku Luton. Kampani ndi yomweyo, koma nditawaimbira ndi MPRN ili m'manja, zinapezeka kuti mita ya m'nyumba muno inasinthidwa kalekale ndipo iwo akusungabe nambala ya mita yakale. N'chifukwa chake aliyense amene ndinkalankhula naye ankangokanirira pamenepo n'kundilonjeza zoti sangathe. Dzulo usiku ndinalemba imelo ija, ndi zithunzi za mita ndi malisiti asanu ndi limodzi. Limodzi linatayika, la £10. Lero m'mawa ndinaimbanso, ndinayamba ndi mawu a mwana ndi gasi wotha aja, ndipo ndi koyamba kundipatsa munthu amene anakhala nane mpaka kumapeto. Watilemba pa Priority Services Register, wandipatsa nambala ya dandaulo, ndi nambala ina yokatengera khadi. Ndakatenga pashopu ya pakona, ndalowetsa, ngongole yatsika kufika pa ziro. Ndinakhala pamasitepe a kuchipinda chapansi kuja kanthawi ndithu, ndikungoyang'ana mita.

Zotsala ndi ziwiri. Ndalama yomwe anadula kale akuti aiwerengera kaye, atha masiku 28. Za £40 ya injiniya akuti m'kompyuta mwawo mukuonetsa kuti anabwera n'kupeza pakhomo palibe munthu. Limenelo ndi bodza, ndinali pawindo, ndipo agogo a neba anandibweretsera tiyi cha m'ma 11 koloko. Sanasiye ngakhale kapepala pachitseko. Kodi pamenepa ndingawatsimikizire bwanji? Mawu a agogowo angawalandire ngati umboni, kapena ndiwapemphe iwowo kuti andionetse chithunzi cha chitseko changa chomwe injiniyayo anajambula, ngati anafikadi?