Gemu yoyamba kukulowani m'magazi inali iti, anzanga a ku Chigwa?

Mwana wa pa Nchalo:
Anzanga okulira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndifunseko. Ndi gemu iti imene inakulowani m'magazi muli ana? Ine yanga ndi Super Mario Bros. ya Nintendo. Inatuluka mu 1985, koma kwathu inafika mochedwa, pa kamakina kakuda kotchedwa Terminator, ka makatiriji achikasu osungamo magemu. Atsibweni anga ankagwira ntchito kufakitale ya shuga, ndiye nyumba yawo inali ya magetsi, TV ilinso pompo. Tikaweruka kusukulu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinkadzazana pabalaza thukuta lili kamukamu, kudikira kuti Mario agwere m'dzenje wina alandire padi ya mabatani yoseweretsera. Katiriji ikavuta, kuizula, kuiuzira mpweya, kuibwezeramo. Ndafunsa chifukwa mwana wanga amangosewera yekha pafoni, ndipo zimandimvetsa chisoni. Ndikufuna alaweko zosewera ndi mnzake pambali. Makina amenewa akupezekabe?

Wa ku Ngabu:
Achimwene, Mario ndi wabwino, koma ngati mukufuna mwana aphunzire kusewera ndi mnzake, mugulireni Contra ya Konami. Mario mumasinthana, pomwe Contra mumamenya nkhondo nonse awiri nthawi imodzi. Mukukumbukira gawo lokwera mathithi lija? Ukathamangira pamwamba wekha, mnzako wotsalira pansi amafa. Ine ndi mng'ono wanga tinkauzana kuti "dikira, ndikubwera" mpaka mawu kusasa. Mfuti ya S, yomwaza zipolopolo ija, tinkapangana kale woitenga, apo ayi mkangano.

Mayi wa ku Bangula:
Inu munali ndi mwayi, kwathu magetsi kunalibe. Yanga inali Brick Game, kaja kolembedwa 9999 in 1, ka mabatire awiri. Gemu yeniyeni mmenemo inali yosanja njerwa, yotengera Tetris imene Alexey Pajitnov anapanga ku Soviet Union. Ndinkasewera pansi pa mtengo wa masau ndikabwera kumjigo, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko kanthawi. Anyamata ankati si za atsikana, koma palibe ankandiposa. Kenako bambo anagula Nokia 3310, Snake n'kutilanda mtima tonse m'nyumbamo, ngakhale kutchajitsa foni kunali kolipira.

Mkulu wa pa Nsanje Boma:
Amwene a pa Nchalo, mukakwera Thabwa kupita mutauni kayang'aneni m'mashopu a zamagetsi ku Limbe. Timakina tambiri ta masiku ano timabwera ndi magemu m'kati momwemo, katiriji osafunikanso. Musanalipire onani kaye kumbuyo kwa TV yanu ngati kuli polowetsa waya wachikasu ndi woyera, chifukwa zina zatsopanozi zili ndi HDMI yokha. Mfuti ya Duck Hunt, gemu yowombera abakha ija, musavutike nayo. Imagwira pa TV zakale zamsana zokha, pa zafulati bakha simumuwombera. Yesaninso mapadi onse awiri mushopu momwemo, mabatani ake sachedwa kufa.