Ulendo wa ku Donegal, kwawo kwa alamu

Make mwana: Moni nonse. Amayi akafika ku Dublin mwezi wamawa, apongozi anga apempha kuti tipite tonse ku Donegal, kumpoto kwa Ireland, mwana akaponde kumene kuli mizu ya bambo ake. Pafunika galimoto ziwiri.

Malume: Apongoziwo aganiza bwino. Mwana ndi wathu, koma chiwongo watenga cha kuchimuna. Nanga a Sweeney amenewa kwawo kwenikweni n'kuti? Anthu kuno akundifunsa.

Make mwana: Malume, m'chinenero chawo dzinali ndi Mac Suibhne, kutanthauza mwana wa Suibhne. Kholo limeneli linkakhala ku Knapdale ku Scotland, ndipo linga lake lamiyala, Castle Sween, lidakalipo. Koma buku la mtundu wawo, lolembedwa cha m'ma 1513, limati makolo a Suibhne adachokera ku Ireland komweko, ku banja lachifumu la O'Neill. N'chifukwa chake apongozi amakana zoti adabwera ngati alendo. Amati adangobwerera kumudzi.

Achimwene: Chidawachotsa ku Scotland n'chiyani?

Make mwana: Kulandidwa malo, achimwene. Cha m'ma 1262 dera lawo lidagwa m'manja mwa a Stewart a ku Menteith. Mu 1310 mfumu Edward II ya England idawalonjeza Knapdale ngati akalanda okha, koma zidakanika. Robert Bruce, mfumu ya Scotland, atagonjetsa Edward II ku Bannockburn mu 1314, zobwerera zidathera pompo. A Sweeney adakamanga ku Fanad, m'dera la Donegal, n'kukhala asilikali aganyu a mafumu a O'Donnell. Ankatchedwa gallowglass.

Azakhali: Aganyu? Ndiye mwanayu tizimuuza kuti makolo ake ankapha anthu pofuna malipiro?

Make mwana: Nanenso zidandivuta poyamba, azakhali. Koma munthu wopanda munda amadyera chimene manja ake akudziwa. Iwo chawo chidali nkhwangwa yaitali mpini ndi malaya a tiunyolo tachitsulo, malipiro ake ng'ombe ndi malo. Ntchitoyo inkachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Adakhulupirika mpaka Red Hugh O'Donnell, amene adadzakhala mfumu, ali mwana adakaleredwa kwa iwo. Ine sindidzamubisira, aziidziwa yonse.

Malume: Usabise ndithu. Angoni kuno sabisa kuti adabwera ndi nthungo.

Make mwana: Ku Donegal adagawikana patatu: a ku Fanad, a ku Doe ndi a ku Banagh. Ena adatsikira kumwera, ku Cork, kukamenyera nkhondo mafumu a MacCarthy. Apongozi akuti iwo ndi a ku Doe, choncho tiyambira ku Doe Castle pafupi ndi Creeslough, kenaka Rathmullan, kumene kuli bwinja la nyumba ya ansembe imene a ku Fanad adamanga mu 1516.

Achimwene: Kuchoka ku Dublin ndi maola ngati anayi. Ndi khanda komanso amayi sitingapite n'kubwerako tsiku lomwelo. Tikagone usiku umodzi. Galimoto yanga ilipo, petulo tigawana.

Mng'ono: Loweruka lachiwiri sindili pa ntchito. Malo ogona ndifufuza ine, jekete la amayi ndigula. Mphepo yakunyanja kumeneko si yamasewera.

Amayi: Ana anga, ine ndipita nawo. Ndinyamula ufa, ndikawaphikire asewere anga nsima kwawo komweko. Ndikufuna ndikamubereke mdzukulu wanga pakhomo la lingalo.

Malume: Mukajambule, mutumize pano. Ndipo chemwali, mukafunse mayina a agogo a mkamwiniyo mmene akutsatirana, ndiwalembe m'kope lomwe muli athu.

Make mwana: Ndawauza apongozi, akuti akonzeratu pepala. Tagwirizana Loweruka lachiwiri, kunyamuka 7 koloko m'mawa kwa achimwene.