Kodi mapemphero a Lamulungu opanda wansembe amalowa m'malo mwa Misa?

Nachisale walemba:

Abale ndi alongo mwa Khristu, ndikupempha thandizo pa nkhani imene yatigawanitsa mu mphakati wathu. Tchalitchi chathu ndi nthambi ya parishi imene ili kutali, ndipo wansembe satifika kawirikawiri, makamaka m'dzinja msewu ukaduka. Masiku ena onse a Lamulungu akatekisiti ndi amene amatsogolera mapemphero. Ena mwa ife akunena kuti mapemphero amenewa n'chimodzimodzi ndi Misa, pomwe ena akuti amene sanapite ku parishi wachimwa ndipo ayenera kukalapa. Aliponso amene aleka kubwera, ati popanda wansembe palibe chimene akupitira. Kodi Mpingo umaphunzitsa zotani?

Mlongoti wayankha:

Mayi Nachisale, magulu onsewo agwira mbali imodzi yokha ya choonadi. Misa ndi nsembe, ndipo amene angathe kusandutsa mkate ndi vinyo kukhala Thupi ndi Magazi a Khristu ndi wansembe wodzozedwa yekha. Choncho mapemphero otsogoleredwa ndi katekisiti si Misa, ngakhale kwaya itaimba bwino chotani, ngakhalenso anthu atalandira Ukaristia umene unapatulidwa pa Misa ina.

Komabe zimenezi sizikutanthauza kuti akhristu a ku nthambi akuchimwa. M'buku la Malamulo a Mpingo la 1983, lamulo 1247 likuti akhristu ayenera kukhala nawo pa Misa tsiku la Lamulungu ndi pa masiku ena olamulidwa. Lamulo lotsatira, 1248, m'ndime yake yachiwiri likuvomereza kuti nthawi zina zimenezi sizitheka chifukwa chosowa wansembe kapena pa chifukwa china chachikulu, ndipo pamenepo likulimbikitsa kwambiri kuti akhristu asonkhane pa mwambo wa Mawu a Mulungu, kapena apemphere kwa nthawi yokwanira paokha ngakhale m'banja. Tanthauzo lake ndi lakuti mapemphero aja sakwaniritsa lamulo la Misa, koma lamulolo silimanga munthu pa chinthu chimene sangathe. Palibe tchimo loti akalape pamenepa.

Dziwaninso kuti wansembe ali ndi malire. Lamulo 905 limamulola kuchita Misa kamodzi pa tsiku, ndipo episkopi angamulole kawiri, kapena katatu pa Lamulungu ngati ansembe ndi ochepa. Parishi ya nthambi zambiri ndi ansembe awiri singathe kufikira onse sabata iliyonse. N'chifukwa chake Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za chipembedzo cha 1963, unalimbikitsa miyambo ya Mawu a Mulungu m'malo osowa wansembe, ndipo mu 1988 likulu la Mpingo ku Roma linatulutsa malangizo a mmene mapemphero otere aziyendera.

Katekisiti Wopuma wayankha:

Bambo Mlongoti afotokoza bwino za malamulo. Ine mtima wanga uli pa aja amene aleka kubwera, chifukwa maganizo awo ndi amene amapha nthambi.

Chikhristu cha Katolika m'dziko muno chinakula ndi mapemphero amenewa. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, anali ochepa kwambiri, ndipo midzi yambiri inkaona wansembe mwa apo ndi apo. Amene ankasonkhanitsa anthu, kuphunzitsa katekisimu, kukonzekeretsa a ubatizo ndi kutsogolera maliro anali aphunzitsi ndi akatekisiti. Miphakati imene tikunyadira lero inadza ndi maganizo omwewo, pamene Ambuye Patrick Kalilombe, episkopi wa ku Lilongwe nthawi imeneyo, ndi maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'zaka za m'ma 1970 anaona kuti Mpingo uyenera kukhala wamoyo pamudzi pomwe, osadikira galimoto ya bambo mfumu, wansembe woyang'anira parishi. Ngakhale Papa Francis mu 2021 anakhazikitsa ukatekisiti kukhala utumiki wovomerezeka mu Mpingo wonse.

Munthu akati palibe chimene akupitira, ndimamufunsa ngati Mthenga Wabwino umasintha chifukwa wawerengedwa ku nthambi. Mawu amene timamva tsiku limenelo ndi omwewo amene akuwerengedwa ku Roma ndi ku Maula, tchalitchi chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo Ambuye Yesu adalonjeza kuti pamene awiri kapena atatu asonkhana m'dzina lawo, iwo ali pakati pawo.

Koma ndinene mosabisa kuti ena mwa ife akatekisiti ndi amene timasokoneza anthu. Wotsogolera sayenera kukhala pa mpando wa wansembe, sayenera kunena pemphero la Ukaristia kapena kanthu kofanana nalo, ndipo sadalitsa anthu monga achitira wansembe, koma amapempha madalitso kwa onse, iye mwini ali momwemo. Guwa siligwiritsidwa ntchito, kupatula poikapo Ukaristia ngati ulipo wogawa. Katekisiti akayamba kutambasula manja ndi kutengera mayendedwe a abambo, asadabwe anthu akamati Misa ya akatekisiti, mawu amene sayenera kumveka n'komwe.

Nangozo wayankha:

Ndikugwirizana nanu akuluakulu, koma ndikuopa kuti ena awerenga zimenezi ngati chilolezo. Masiku ano kuli njinga zamoto za kabaza, ndipo alipo anthu amene Lamulungu lomwelo amafika pamsika wa pafupi ndi parishi, komabe amati ku Misa n'kutali. Malangizo a 1988 aja amayamba ndi kufunsa ngati akhristu angathe kupita ku tchalitchi china chapafupi kumene kuli Misa, ndipo amaletsa kuchita mapemphero opanda wansembe pamalo pamene Misa yachitika kapena ichitika tsiku lomwelo, ngakhale Loweruka madzulo. Mpingo umawaona ngati mapemphero a anthu amene akuyembekeza wansembe, osati a anthu amene akhutira popanda iye.

M'chaka cha 304, nthawi ya Diocletian, mfumu ya Aroma, akhristu 49 a ku Abitina, m'dziko limene lero ndi Tunisia, anagwidwa chifukwa chosonkhana pa Ukaristia ya Lamulungu, ndipo poweruzidwa anayankha kuti sangathe kukhala popanda chimenechi. Anafera zomwezo. Anali a kuno ku Africa, ndipo njala yawo ndi imene ndikuona kuti ikuzilala pakati pathu. Nthambi imene yazolowera kusowa Misa imalekanso kupempherera ana ake kuti alowe ku seminale.

Mlongoti wayankha:

Mayi Nangozo, chenjezo lanu ndi loona, ndipo sindikulitsutsa. Ndingowonjezera kuti Mpingo sunaike chiwerengero cha makilomita chimene chimamasula munthu. Mnyamata wa njinga yake ndi agogo oyenda ndi ndodo sangayezedwe muyeso umodzi, chimodzimodzinso mayi wa mwana wakhanda, wodwazika matenda, kapena banja limene ndalama ya kabaza ndi yomweyo ya ufa. Aliyense aziyese moona pamaso pa Mulungu, ndipo amene akukayika afunse bambo mfumu, chifukwa malamulo amawapatsa mphamvu yomasula mkhristu pa chifukwa choyenera. Anthu a mu mphakati asamaweruzane pa zimenezi.

Mayi Nachisale, chimene chikukhudza onse ndi chakuti mkhristu alape machimo akuluakulu ndi kulandira Ukaristia kosachepera kamodzi pa chaka, makamaka m'nyengo ya Pasaka. Pemphani komiti ya tchalitchi chanu kuti ilengeze msanga tsiku limene abambo akubwera, ikonze nthawi yokwanira ya kulapa Misa isanayambe, ndiponso ilembe maina a odwala ndi okalamba kuti akawayendere m'makomo. Muwapemphenso abambowo kuti tsiku limenelo afotokoze okha nkhaniyi pamaso pa onse, ndipo aja amene aleka kubwera muwaitane mwaulemu kuti adzamve.