Kodi ndivomere opaleshoni ya msana kapena ndipitirize fiziyo (mafizo a kuchipatala)?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene munadwalapo msana kapena amene mumagwira ntchito zachipatala. Ndili ndi zaka 27, ndipo kwa miyezi 5 ndakhala ndikumva ululu woyambira m'chiuno n'kutsikira kumbuyo kwa ntchafu yakumanzere mpaka kuphazi, umene unayamba nditanyamula thumba la chimanga nditawerama. Atandijambula pa MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi), anapeza kuti disiki (kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana) ya pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana otchedwa L5 ndi S1 inatuluka m'malo mwake n'kuyamba kupanikiza mtsempha wopita kumwendo.

Dokotala wina akuti andichite opaleshoni yochotsa kachidutswa kamene kakupanikizako, koma wina akuti ndidikire, popeza mwa anthu ambiri thupi limakasungunula lokha pang'onopang'ono. Onse akugwirizana kuti ndikayamba kulephera kukodza, kuchita dzanzi pakati pa miyendo kapena kufooka phazi, ndithamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi sizinandichitikire.

Chimene chikundisautsa n'chakuti fiziyo yachepetsa ululu wa msana, koma wa mwendo udakalipo, moti sindingakhale mu minibasi kwa ola lathunthu, komanso diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu, wayamba kundiwotcha m'mimba. Opaleshoni ndikuiopa, osati chifukwa cha mpeni wokha, koma ndamva kuti disiki ikhoza kutulukanso, ndipo ine zaka zogwira ntchito zikadali kutsogolo.

Inu amene munachitidwa opaleshoniyi, munatenga nthawi yaitali bwanji kuti mubwerere kuntchito, ndipo dzanzi linatha? Nanga inu amene munadikira, munaona kusintha pa mwezi wachingati?