Pulasitala akungogwa pa khoma la nyumba ya agogo, matumba 11 apita kale

Membala wosadzitchula dzina: Akuluakulu a pagulu pano ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndimakhala cha ku Namwera m'nyumba imene anasiya malemu agogo anga. Iwowo anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya, ndiye nyumbayi ndi yakalekale, zipinda zinayi, khonde kumaso, malata ake aja okhuthala oti lero simungawapeze m'sitolo. Ine ndakhala ku Joni zaka 7, ndabwera chaka chatha. Ndili konko ndinkatumizira alamu anga ndalama kuti azikonza pang'onopang'ono, koma pofika ndinapeza chitseko chimodzi chatsopano basi, kwinaku pakhomo pawo paima njinga yamoto. Nkhani imeneyo tiisiye, inafika kale kwa amjomba, ndipo pa sadaka ya agogo omwewo tinakhala mphasa zosiyana.

Vuto ndi khoma la kuseri. Kuchokera pansi kulekeza m'mawondo pulasitala amatupa, ukagogoda amalira ngati ng'oma, kenako amagwa zibenthuzibenthu. Mkati penti akusupuka ndipo pamatuluka kaufa koyera ngati mchere. Ndapakitsa katatu. Mmisiri woyamba analandira theka la ndalama n'kupita ku maliro ku Makanjira, mpaka lero maliro ake sanathe. Wachiwiri anati simenti yanga inali yogonera. Kachitatu ndapaka ndekha nditaonera pa YouTube, sipanathe miyezi iwiri zagwanso. Matumba 11 onse pamodzi, ndipo mukudziwa nokha kuti kukweza simenti kuchokera pa boma kudutsa phiri lija ndi ndalama ina. Mayi akunyumba akuti ndikuwononga ndalama ya feteleza, mbuzi za aneba nazo zimabwera kudzanyambita khoma lomwelo, ndikalankhula akuti ndayamba matama a ku Joni. Achemwali anga amangobwera nthawi ya mango. Ndipange bwanji mvula isanayambe?

Foromani Wamkulu: GWETSANI. Ndanena. Ndagwira ntchito ya zomangamanga zaka 22 ndipo matenda amenewa ndimawadziwa ndili kutali. Nyumba zakalezo ankamanga osayala pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko, uja timati DPC. Ndiye khoma limamwa madzi a m'nthaka ngati chingwe cha koloboyi chikumwa palafini. Madziwo amakwera ndi mchere, akauma mcherewo umatsala, n'kumakankha pulasitala. Kaufa mukukanenako ndi kameneko. Mungapake ka 50, mukungodyetsa khoma simenti.

Mayi a Shakira: Pepani achimwene, khomalo ndi la njerwa zootcha kapena zidina? Anamangira matope kapena simenti? Komanso kunja kwake, kuseriko, kuli chiyani? Popeza makoma enawo simunawadandaule.

Che Kabaza: Zaka 7 ku Joni n'kubwera kudzalimbana ndi mbuzi 😂😂 Mbuzizo zapeza mchere waulere, muziwalipiritsa eni ake.

Dada wa ku Cape Town: Nkhani ya alamuyo yandikhudza kwambiri. Ine ndinatumiza ndalama zaka 4, ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp nyumba ikukwera mpaka pa lintala. Kupita pa Disembala ndinapeza kuti zithunzizo ankajambula nyumba ya munthu wina ku Ntagaluka. Pa puloti panga panali chinangwa. Abale anzanga muli kunjaku, osatumiza ndalama kwa wachibale, gulani zipangizo nokha mukapita.

Abiti Mwanyali: Inu mwayamba kale kunyoza achibale. Nanga amene ankasamala agogowo akudwala, inu muli ku Joni, anali ndani? Njinga yamoto yomweyo mwina ndi imene inkawatengera kuchipatala. Nkhani ya mbali imodzi siweruzidwa.

Dada wa ku Cape Town: Achemwali, chinangwa chija chinkatengera ndani kuchipatala?

Foromani Wamkulu: Tabwererani pa nkhani. Mukagwetsa mumange ndi mabuloko a simenti, osati njerwa zootcha. Boma linaletsa kale zimenezo mu 2018, mitengo yatha m'mapirimu chifukwa cha mauvuni anuwo.

Mphunzitsi Wopuma: A Foromani, musawaopseze. Malamulo a 2018 aja, a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, amakhudza zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Munthu wokonza nyumba yake yogona kumudzi palibe amene angamumange. Ndipo kugwetsa nyumba yonse chifukwa cha khoma limodzi ndi kuwotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Nyumba yanga ndi ya 1974, inali ndi vuto lomweli. Ndinagwetsa pulasitala yense wakufayo mpaka njerwa kuonekera, kupitirira pang'ono pamene chinyezi chalekeza, ndinalisiya khoma lamaliseche chilimwe chonse kuti liume, kenako ndinapaka wosakaniza ndi laimu. Laimu amalola khoma kupuma. Simenti yambiri imatsekera madzi mkati, ndiye amangokwera m'mwamba kukatulukira pena.

Foromani Wamkulu: Khoma kupuma? Lili ndi mapapo? Aphunzitsi, inu za choko, ife za simenti. Laimu ndi wopaka pa chikondwerero, a DC akamabwera.

Mphunzitsi Wopuma: Amene mukunenayo ndi wopaka ndi burashi. Ine ndikunena wosakaniza mu dothi la pulasitala. Nyumba zakale za pa mishoni zija mukuganiza kuti anamangira chiyani?

Foromani Wamkulu: Zaka 22. Sindikangana ndi munthu amene sanagwirepo chipande cha mmisiri.

Mtumiki Eliya: M'bale, kugwa katatu pamalo amodzi si za simenti. Agogo akale ankakwirira zinthu pa ngodya za nyumba pokhwimira katundu wawo. Ndipo taonani, mwakangana ndi alamu, kenako khoma likukana. Tsegulani maso. Ndilembereni ku inbox.

Che Kabaza: Abusa afika 😂 Chinyezi nacho chituluke m'dzina la ndani?

Nachisale wa ku Monkey Bay: Inu mukudandaula khoma limodzi. Ife kuno nyanja itakwera mu 2024 madzi analowa mpaka pabalaza, tinkapita kuchimbudzi pa bwato. Atabwerera anasiya makoma onse akuda ngati m'khitchini, fungo lake mpaka lero likagwa dontho la mvula limadzuka. Mafiriji awiri anapita. Thokozani Mulungu kuti muli kumtunda.

Mayi a Shakira: Ndafunsa pamwambapo koma sindinayankhidwe. Ngati ndi zidina kapena njerwa zomangira matope, pulasitala wa simenti yambiri sagwira, amauma payekha ngati chigoba n'kulekana ndi khoma. Pamenepo amayamba akhomerera waya wa nkhuku ndi misomali kuti apeze pogwira. Koma zonsezo n'zachabe ngati madzi akubwerabe. Madziwo akuchokera kuti? Malata a mbali imeneyo anatulukira kunja mokwanira, kapena mvula imagwera pa phazi pa khoma?

Amjomba a Fatsani: Funso langa ndi lina. Malowo ndi a ndani? Mwati agogo, koma agogo a mbali iti? Kwathu kuno malo amayenda ndi mbumba. Ngati ndi a kuchimuna, mukukonzera eni ake, tsiku lina adzakuthokozani n'kukuonetsani msewu. Ngati ndi a kuchikazi, achemwali anu a mangowo ndiwo eni nyumba, inu kwanu ndi kumene munakwatira. Musanagule thumba lina khalani pansi ndi mwinimbumba.

Abiti Mwanyali: Eyaa, apa ndiye mwalasa. Mwamuna wamkulu kumakanganira mango ndi mlongo wake pa mudzi wa amayi ake.

Foromani Wamkulu: Ndiye chifukwa chake ndikuti GWETSANI, mukamange pa puloti yogula nokha, ya mapepala. Mabuloko, DPC, ring beam (konkire yozungulira pamwamba pa makoma), malata a IBR geji 28. Osati 32, ameneyo ndi pepala, mwera ukangowomba mukamutola ku Chiponde. Ndipo amisiri a m'midzimu musawapatse ndalama ntchito isanathe. Ndi anthu ngati amenewo amene akuipitsa dzina lathu. Ine kasitomala wanga sanalirepo.

Mnyamata wa Wilibala: Bwana amene mwafunsa, mchenga munatenga kuti? Wa m'mbali mwa msewu uja umakhala ndi dothi, umang'aluka. Tengani wa mumtsinje, musefe. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani mchenga m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, musiye usiku. Matope akakhala ochuluka pamwamba pa mchengawo, usiyeni. Thumba limodzi mawilibala atatu osadzaza mophiri. Khoma mulinyowetse musanapake, ndipo mukapaka muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata. Ambiri amapaka dzuwa lili pamutu mu Okutobala n'kuchoka, pulasitala amapsa.

Foromani Wamkulu: Atatu? Awiri basi. Ukufuna khoma la bwanayu likhale chigumu?

Mnyamata wa Wilibala: Awiri ndi a pansi kapena pa thanki, madala. Pa njerwa zofewa zakalezo wolimba kwambiri ndi amene amagwa msanga.

Foromani Wamkulu: Iwe unabadwa liti?

Zokongoletsa Nyumba: Tili ndi penti wothana ndi chinyezi, mitundu yonse, timatumiza pa minibasi mpaka Namwera. Inbox.

Mphunzitsi Wopuma: Penti ameneyo pa khoma lonyowa amatupa matuza ngati munthu wapsa ndi phala. Ndinayesa.

Gogo Nasibeko: Ine nyumba zakalezi chimene chinandithawitsa ndi mileme. Inadzaza mu siling'i, ndowe zake zinalemera mpaka bolodi linagwera pa bedi usiku, mwamwayi ndinali ku mapemphero. Tinatulutsa matumba ndi matumba, aneba anatenga kukathira ku dimba, tomato wake anabereka zodabwitsa. Mwana wanga, yang'ananso m'denga mwako. Komanso chiswe. Ukaona timizere ta dothi tikukwera khoma, funafuna chulu pafupi, ukumbe mpaka upeze manthu wake.

Admin: Tiyeni tilemekezane. Otsatsa malonda tsiku lanu ndi Loweruka. A Foromani, zilembo zikuluzikuluzo chepetsani.

Foromani Wamkulu: Choonadi chimawawa, a Admin.

Membala wosadzitchula dzina: Sikomo nonse, ndawerenga. A Dada, pepani, zanu zaposa zanga. Abiti Mwanyali, agogo anamwalira njingayo isanagulidwe, musandiyankhulitse zambiri. Za malo, ndi a agogo obereka mayi anga, koma achemwali anakwatiwa ku Liwonde ndipo ananena okha pamaso pa amjomba kuti alibe nazo ntchito, kupatula mango. Kugwetsa sindingathe a Foromani, m'nyumbamu ndi mmene ndinabadwira. Mileme iliko koma sitivutana. Ndaitanitsa matumba ena 4 ndi laimu, mnyamata wa mchenga abwera Lachisanu tikatuluka ku Juma. Ndiyambira chakumanzere, chifukwa mbali imene alamu anagundikiza bafa ija ndi yovuta kufikako, pamakhala matope nthawi zonse ndi madzi osamba.

Mayi a Shakira: Bafa? Kuseri kwa khoma lomwelo kuli bafa?? Madzi ake amapita kuti? Achimwene musagule kaye simentiyo, kumbani ngalande madziwo azipita kutali, kapena bafalo lisunthe.

Che Kabaza: Alamu aja anamangako kanthu ndithu 😂😂😂

Foromani Wamkulu: Bafa kapena popanda bafa, DPC mulibe. GWETSANI.

Mayi a Shakira: Achimwene mwaona uthenga wanga? Komanso njerwazo simunanenebe.