Gulu la Mbumba ya kwa Gogo ku Lizulu: za matenda a Mayi

Lachiwiri

05:42 Chitsirizira: Mwadzuka bwanji nonse. Tili ku Kamuzu Central, ambulansi ya ku Ntcheu inatifikitsa usiku. Awajambula sikani ya mutu ndipo adokotala akuti mtsempha unaphulika, magazi akha m'mutu. Mayi akutizindikira koma akulira mutu ndi khosi, kuwala sakukufuna. Zina sindikuzimvetsa, Achemwali ndithandizeni.

05:51 Malume: Zikomo mwana wanga. Kwa amene simunamve, dzulo masana alongo angawa anali kudimba, anangokuwa kuti mutu, n'kusanza, n'kugwa. Tonse tikhale pa foni lero.

06:10 Achemwali namwino: Ndalankhula ndi adokotala pa foni ya mng'ono wangayu. Dzina lake ndi aneurysm. Khoma la mtsempha wa mu ubongo limafooka pamalo amodzi n'kutupa, monga chubu cha njinga chimachitira chisanaphulike. Munthu amatha kukhala nacho zaka osadziwa kanthu. Chikang'ambika, magazi amazungulira ubongo, n'chifukwa chake mutu umabwera mwadzidzidzi ndipo khosi limauma. Kuti Mayi akulankhula ndi kutizindikira ndi chiyambi chabwino, koma pomwe pang'ambikapo sipanatsekedwe.

06:18 Azakhali: Ana inu, mutu wogwetsa munthu wabwinobwino kudimba? Ine mtima wanga sukuvomera. Kuno ku Golomoti kuli munthu wa Mulungu amene wathandiza ambiri. Bwanji tiwapemphe alamu angawo atuluke kaye masiku awiri?

06:25 Achemwali namwino: Azakhali, ndikugwadirani, zimenezo ayi. Choopsa kwambiri panopa n'chakuti mtsempha ungaphulikenso, makamaka tsiku loyambali ndi masiku otsatira, ndipo kachiwiri kamapha anthu ambiri. Kuwakweza minibasi, kuwatsitsa mumsewu wokhotakhota wa ku Golomoti uja, BP n'kukwera, tiwataya panjira. Pemphero tonse tikulifuna, koma liwapeze pabedi pomwe alipo.

06:31 Malume: Mwamva. Satuluka. Alamu a ku Golomoti, kumanani ndi amayi a kumpingo madzulo ano mupempherere komweko, ife kuno titeronso.

06:33 Azakhali: Ndamva alamu. Ndi mantha chabe.

07:04 Achimwene ku Joni: Ndangotsika pa shifiti. Kodi atsimikiza kuti si chotupa? Mnzanga wina kuno anamupeza nacho mu ubongo, anamujambula MRI. Bwanji Mayi sanawajambule imeneyo? Ngati ndi ndalama nenani.

07:19 Achemwali namwino: Si nkhani ya ndalama achimwene. CT, sikani imene Mayi awajambula ija, imagwiritsa ntchito X-ray, imatha m'mphindi zochepa ndipo magazi ongokha kumene imawaonetsa bwino, makamaka m'maola 6 oyamba. MRI ndi ya maginito, munthu amagona phee mumakina aphokoso theka la ola kapena kuposa. Imeneyo ndiye imaposa pa zotupa, imaonetsa malire a chotupa ndi momwe chakankhira ubongo, makamaka akabaya mankhwala owalitsa m'mtsempha. Ku Malawi kuno MRI inafika ku Queens mu 2008, pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo a ana. Komanso chotupa nthawi zambiri chimabwera pang'onopang'ono, mutu wa milungu, kusanza m'mawa, kukomoka ngati khunyu, mkono kufooka. Za Mayi zachitika pa mphindi imodzi ndipo magazi aoneka. Chimene chikufunika tsopano ndi CT ina yoona mitsempha, amati angiogram. Amabaya mankhwala m'mkono kuti mitsempha iwale, aone pamene pali vuto, kukula kwake ndi khosi la potupapo. Ayamba ayeza magazi kuona impso, poti mankhwalawo amatulukira kumeneko.

07:24 Achimwene ku Joni: Ndamva. Nanga akapapeza amatani?

07:40 Achemwali namwino: Njira n'ziwiri. Yoyamba amatsegula chigaza n'kupana khosi la potupapo ndi kachitsulo kakang'ono, kamakhala momwemo moyo wonse. Yachiwiri satsegula mutu, amalowetsa kachubu m'mtsempha wa m'mphechepeche mpaka kufika mu ubongo, n'kudzazamo tiwaya tofewa ta platinum kuti magazi aundane asalowemonso. Sitisankha ife, zimatengera malo ndi maonekedwe ake, msinkhu wa wodwala ndi komwe kuli zida. Adokotala akuti zithunzi zikatuluka akambirana ndi madokotala a ubongo, kuphatikizapo a ku Queens.

07:46 Malume: Kutsegula mutu wa munthu? Amadzuka?

07:52 Achemwali namwino: Amadzuka malume. Opaleshoni yopanayi inayamba mu 1937 ku America, ya tiwayayi m'zaka za m'ma 1990. Zonse zili ndi ngozi zake, sindikubisirani, koma kusiya posatseka n'koopsa kuposa.

08:15 Mlamu ku Kawale: Ndanyamula phala, ndowa, zitenje ndi bulangete. Ogona kunyumba kwathu malo alipo a anthu awiri. Koma chonde tisabwere mudzi wonse nthawi imodzi.

08:20 Achemwali namwino: Alamu mwanena zoona. Mayi akufunika bata. Olowa azikhala mmodzi kapena awiri, osalira pabedi, osawauza za ngongole kapena za mbewu. Asadzikakamize kuchimbudzi, muwauze anamwino ngati akudzimbidwa. Aspirin ndi brufen musawapatse ngakhale mutu uvute bwanji, ndiponso mankhwala achikuda asalowe. Chinanso chimene ndikufuna tonse timve: kuyambira cha tsiku la 4 mpaka la 14 mitsempha ya mu ubongo imatha kufinyika chifukwa cha magazi aja, munthu amene amaoneka kuti wachira n'kugwidwa sitiroko. Pofuna kuteteza ubongo amapereka mankhwala a nimodipine maola 4 aliwonse kwa masiku 21, usiku womwe. Ndiye gadiyani akhale munthu wotha kusunga nthawi. Akaona tulo tosadzuka, kusokoneza mawu, kamwa kupotoka kapena dzanja kulemera, aitane anamwino pompo, asadikire kuche.

08:34 Mayi aang'ono: Ndiye ndi milungu itatu. Ine nditenga mlungu wachiwiri wonse. Komanso ndakumbuka, mayi athu anapita chomwechi, mutu masana, usiku kunalibe munthu.

08:41 Achemwali namwino: Mayi aang'ono zikomo, zimenezo adokotala azimve lero. Pakakhala abale awiri a magazi amodzi amene anadwalapo matendawa, nthawi zina amalangiza kuti enanso ajambulidwe. BP ndi fodya ndi zomwe zimafooketsa mitsempha kwambiri. Malume, ndudu ija tikambirana. Ndipo wina apeze buku la kuchipatala la Mayi, tione ngati mapilitsi a BP amamwabe.

08:49 Malume: Buku ndalipeza m'chikwama cha tchalitchi, ndipereka kwa kondakitala wodziwika. Za fodya ndamva. Tsopano thumba la ndalama. Ine ndigulitsa matumba a kachewere pa msika wa Lizulu, ndiikapo K150,000. Nyumba iliyonse K40,000 pofika Lachisanu, amene sangathe anene poyera, palibe manyazi. Asunge ndi alamu a ku Kawale pa Airtel Money, alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka pagulu pano.

08:55 Azakhali: Ine ndalama ndilibe koma mbuzi ilipo. Ndigulitsa.

09:02 Achimwene ku Joni: Ndatumiza pa Mukuru, alamu muone uthenga. Komanso odwala ena boma limawatumiza ku India. Sitikudziwa ngati zifika pamenepo, koma chiphaso cha Mayi ndi ma pasipoti zikhale pafupi. Yanga ilipo, ndi ya Achemwali.

09:06 Achemwali namwino: Ndapempha tchuthi, ndikwera basi ya usiku. Mawa ndilandira ine kuti mng'ono wangayu agone. Mlungu wachitatu sunapeze mwini.

09:11 Azakhali: Ndilembeni ine. Mundiphunzitse za maolazo.

09:30 Chitsirizira: Atenga magazi a impso aja. Akuti zotsatira zikakhala bwino angiogram ndi masana ano, Mayi asadye kaye. Alamu phalalo mudzangolisunga. Wobwera abweretse chaja ya foni, yanga yatsala pang'ono kuzima.